Chitsulo cha agogo a ku Mozambiki

Nditamaliza sukulu ya m'mudzi, ndinatsegula kashedi kokonzera njinga ku Limbuli. Ndinkasulanso tizitsulo, ndipo anthu ankanditama kuti ndimatengera chinthu ndendende. Mawu amenewo ndinkawasunga mumtima.

Tsiku lina la chiperoni, phiri litabisika mu nkhungu, kunabwera mayi wina wothyola tiyi. Anamasula mpango n'kutulutsa chitsulo chonga pulayazi, chakuda ndi dzimbiri. Anati n'cha bambo awo, amene anali msilikali ku Mozambiki kalekale. Ankachigwiritsa ntchito poikanso zipolopolo m'makoko a mfuti yaing'ono ya m'manja, imene iwo ankati pisitola. Mfutiyo anaitaya mumtsinje powoloka malire.

"Akuti chenichenichi adzapite nacho kumanda," anatero mayiwo. "Koma mwana wanga amachilirira. Ndiye akuti mumusulire china chofanana."

Ndinangoti, "Chabwino, mayi." Sindinafunse kanthu. Kufunsa akuluakulu kumandivuta.

Ndinachisula masiku anayi. Pachogwirira pa chitsulo chakalecho panali timizere tisanu ndi tiwiri todulidwa ndi tupa. Ndinaganiza kuti ndi tothandiza kuti dzanja lisaterereke, choncho ndinatiyeza ndi ulusi n'kutidula tonse, ngakhale kamodzi kopendekeka.

Ndinakachipereka ndekha masana. Agogowo ndinawapeza pakhonde, atafunda bulangete, maso ali oyera ndi ng'ala. Ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri. Anachisisita akumwetulira, mpaka chala chawo chachikulu chinafika pachogwirira. Chinayenda pang'onopang'ono, milomo ikuwerenga.

"Anakutuma ndani kuti ubweretse anthu awa?"

"Anthu ati, agogo?"

"Iwe mwanawe, ukuyesa ndinkakongoletsa? Ine ndikufuna ndipite nawo pansi, iwe wawakokera kwa mdzukulu wanga!"

Apo ndinazindikira kuti kamzere kalikonse kanali munthu amene anamupha kunkhondo. Ndinapepesa katatu. Tupa ndinali nayo m'thumba, ndiye ndinapempha kuti ndifufute pomwepo.

"Khala apa," anatero. "Koma kamodzikamodzi. Usawathamangitse."

Ndinakanikiza chitsulocho pabondo n'kuyamba. Kamzere koyamba katatha, agogowo anatchula dzina la munthu n'kuwomba m'manja mofatsa, monga timachitira polawirana ndi mlendo. Kachiwiri chimodzimodzi. Nkhuku zimene zinkatola pabwalo zinachoka zonse. Mayi aja anaima pakhomo atagwira pakamwa, ndipo ndinaona kuti mayinawo ankawamva koyamba. Ine ndinkangoyang'ana tupa, thukuta likutsika ngakhale kunali kozizira.

Nditafika pa kachisanu ndi chiwiri, kopendekeka kaja, agogowo anandigwira mkono. Dzanja lawo linali lamphamvu kuposa langa.

"Ameneyo dzina lake sindinalidziwe. Anali mwana, ankangodutsa ndi mtolo wa nkhuni. Ndimulawira bwanji?"

"Ndifufute basi, agogo?"

Anatembenuzira nkhope kumunda wa chinangwa, kumene kunalibe munthu, n'kumvetsera kwa nthawi yaitali.

"Akukana," anatero.

Anamwalira patatha milungu iwiri, ndipo chitsulo chakale anachiika m'bokosi mwawo. Chatsopanocho, chotsala ndi kamzere kamodzi kaja, anapatsa mdzukuluyo, mwana wa sitandade 4. Pamaliro anabwera nacho kwa ine, akunyadira, n'kundifunsa kuti kamzereko n'kachiyani. Ndinayang'ana amayi ake. Iwo anayang'ana pansi.

Ndinamuuza kuti tupa inanditerereka.