Zilombo zobweza mtembo

Nambewe, lero ndinapita kokameta tsitsi ku Limbe, ndipo pa TV ankaonetsa nkhondo ya zolengedwa zochokera ku nyenyezi. Ndinatuluka asanamalize kundimeta. Ndinakumbuka Loweruka lija masana, inu ndi ine tili m'kanyumba koonetsera vidiyo ku Bangwe, chaka chimene achimwene anu anakwezedwa galimoto pa siteji, osabweranso. Masiku amenewo munthu wotengedwa ndi boma sankaliridwa, ngakhale dzina lake tinkalitchula monong'ona. Mufilimu muja munali asilikali a dziko lina, a nkhope ngati ng'ona. Akapha mdani pankhondo ankamusambitsa, n'kumunyamula okha kukamutula kwa amayi ake, mkulu wawo n'kugwada kuvomera kuti tapha ndife. Munayamba kulira mokweza. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mayi, si zenizeni izi, sizikudyani!" Anthu anaseka. Inu munandigwira mkono n'kunena chapansipansi kuti, "Bambo a Rute, ngakhale zilombo zikubweza mtembo." Maliro a achimwene anu anali omwewo basi, pabenchi, pakati pa anthu oseka.

Zaka zonse munkanena kuti mutangoona manda awo, mtima wanu ukhala pansi. Munapita musanawaone. Ine manda anu ndimawadziwa, ndimapitako kukazula udzu, ndimakhala pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Koma mtima wanga sunakhalepo pansi ngakhale tsiku limodzi, mayi a Rute. Mwina ndi bwino kuti zimenezi simunazidziwe.