Glenys ndi abakha ake

Kwathu kuno ku Longton munthu akakukomera mtima amakutcha bakha. Wogulitsa nyama amatero, woyendetsa basi amatero, ngakhale wapolisi akakupeza wasokera. Sindinafunsepo chifukwa chake. Mkazi wanga Edna anandiitana choncho zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo atamwalira panapita miyezi isanu ndi inayi popanda wonditchula mawuwo. Ana anga ali ku London, kumene anaphunzira kuyankhula ngati owerenga nkhani pa wailesi.

Amene anandibwezera dzinalo ndi Glenys Machin, tsiku limene ndinalowa m'nyumba ino yosamalira okalamba. Anandilanda chikwama n'kunena kuti, "Khalani apa, bakha wanga, musanandigwere. Ndilibe msana wotolera nkhalamba." Ndinakhala. Tsiku limenelo chakudya ndinachimaliza.

Glenys ndinkamudziwa kale chapatali. Anayamba ntchito pafakitale ya makapu ndi mbale ya a Pemberton ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ine ndili kale ku ng'anjo. Iye ankalemba kamzere kagolide m'milomo ya makapu, mazanamazana patsiku, dzanja osanjenjemera. Fakitale itatsekedwa anakolopa m'sukulu, analera ana atatu, anadwazika mwamuna wake amene fumbi la dongo linamudya m'chifuwa, kenaka anabwera kuno. Manja omwe aja ndi amene amatimeta ndevu. Pakamwa pake pokha ndi pamene palibe mzere. Supuni ikagwa amakuwa kuti "Mayo ine, Ambuye!" mpaka a m'chipinda chakumapeto amafunsa kuti wafa ndani.

Chaka chatha, masamba akuyoyoka, anabweretsa Mayi Pemberton, mkazi wamasiye wa mwini fakitale uja. Anthu a m'nyumba zazikulu ndawaonera moyo wanga wonse. Galu amamutcha wokondedwa, mwana amamutcha dzina lake lonse. Akapsa ndi tiyi amangoti "kalanga" motsitsa, ngati akupepesa kapuyo. Tsiku loyamba patebulo mayiwo anatembenuza mbale kuti aone chidindo chapansi, monga timachitira tonse obadwira kuno. Atapeza kuti si ya kwawo, anaibwezera mwakachetechete.

Glenys anafika ndi tiyi. "Shuga masupuni angati, bakha?"

Mwana wamkazi wa Mayi Pemberton, amene anawaperekeza, anauma nkhope. Anati amayi ake si mbalame, ndiponso sakumbukira kuti iwo ndi Glenys anadziwanirana kuti.

Sabata isanathe, woyang'anira nyumbayi, mayi wachitsikana wochokera kummwera, anamata chikalata pakhoma. Okalamba onse aziitanidwa Bambo kapena Mayi, ndi dzina lawo la kubanja. Wolakwitsa katatu ntchito yatha. Sanali munthu woipa. Kumene anakulira, ulemu ndi umenewo.

Glenys anayesetsa. M'mawa ankalowa atakunga milomo n'kuti, "Mwadzuka bwanji, Bambo Colclough," ine n'kumamva ngati ndabwera kudzayankha mlandu. Koma lilime la zaka makumi asanu ndi limodzi silitembenuka ndi chikalata. Mwezi usanathe anali atagwidwa kawiri. Tsiku lina akundimeta anandiuza kuti pamsinkhu wakewo palibenso angamulembe ntchito.

Kachitatu kanachitikira pakhomo la chipinda changa, masana a Lamulungu. Mayi Pemberton ankapita kuchimbudzi ndi ndodo yawo, miyendo inawakana, anakhala pansi, ndipo sanathe kudzigwira. Anangoti "kalanga," akuyang'ana khoma. Glenys anathamanga. Ndinayembekezera kukuwa kuja, koma sanakuwe. Anavula juzi yake, anawafunditsa m'miyendo, n'kugwada pamadzipo.

"Palibe waona, bakha wanga. Gwirani khosi langa."

Mwana wawo uja anali akukwera masitepe atanyamula maluwa. Za juzi sanazione bwino. Anangomva mawuwo.

Lachiwiri tinaitanidwa ku ofesi: Glenys, mwanayo, Mayi Pemberton ngati wolakwiridwa, ndi ine ngati mboni, poti chitseko changa chinali chotsegula. Woyang'anira anayamba ndi ine. Bodza sindilitha. Ndinavomera kuti Glenys anawatchadi bakha. Ndinaonjeza kuti akaleka, padziko pano sipatsalanso wondiitana choncho. Pamenepo ndinali nditayankhula kale zambiri kuposa za sabata yonse. Glenys anali atawerama, akupinda ngodya ya epuloni.

Woyang'anira anatembenukira kwa Mayi Pemberton n'kufunsa ngati mawuwo anawanyoza. Mayiwo anakhala mowongoka, ngati mmene ankakhalira kutsogolo kwa tchalitchi.

"Khutu langa lamanzere silimva bwino," anatero. "Ine ndinangomva kuti palibe waona."

Mayi ameneyu amamva supuni ikagunda kapu kutsidya la chipinda chodyera.

"Amayi, ine ndinamva ndi makutu anga," anatero mwanayo.

"Unamva, inde. Koma sankayankhula ndi iwe."

Woyang'anira anayang'ana pepala lake nthawi yaitali. Kenaka anati dandaulo lopanda wodandaula sangapite nalo patsogolo, natseka faelo. Titatuluka Glenys anandikankha paphewa. Anati ndine mboni yachabechabe imene sanaionepo, ndipo tsiku lina adzandimeta nsidze.

Patatha masiku chikalata chija chinachotsedwa. M'malo mwake aliyense wa ife anapatsidwa kapepala kofunsa kuti akufuna aziitanidwa bwanji. Ine ndinalemba liwu limodzi, ndipo linanditengera nthawi chifukwa zala zanga zinauma. Ambiri analemba lomwelo. Mayi Pemberton analemba dzina lawo lonse ndi zilembo zokongola zopendekera, ndipo mpaka lero kapepalako kali pachitseko chawo.

Glenys akadali nafe. Chaka chamawa adzapuma pantchito, akuti akufuna kukaona nyanja ndi mlongo wake. Sindinamuthokozepo pamaso. Kuno sitichita zimenezo, ndipo angandiseke mwezi wathunthu.

Patebulo ndimakhala moyang'anizana ndi Mayi Pemberton, choncho ndimaona zomwe ena saona. M'mawa uliwonse Glenys amafikira kumanja kwawo, amaika kapu, n'kunena mokweza kuti, "Tiyi wanu uyu, Mayi Pemberton." Akatero amazungulira kumbuyo kwa mpando ngati akukonza shawelo yawo, amawerama kukhutu lamanzere lija, n'kunong'oneza mawu awiri. Mayiwo satembenuka. Amangotenga kapu ndi manja onse awiri n'kumwa.