Mafomu amene ndinawotcha kuseri kwa saluni

Ntchito yanga yoyamba ku Cape Town ndinaipezera kutchalitchi. Mayi wina atandiona ndikuluka mwana tsitsi titaweruka, ananditengera kwa a Nambewe, eni saluni ya m'kontena ku Wallacedene. A Nambewe anayang'ana zala zanga, nkhope ayi. "Mawa seveni koloko. Kuno sitichedwa."

Ndinayamba ndi kumasula tsitsi lakale ndi kusesa. Kenako anandipatsa chipeso cha mchira chodulira mizere, n'kundiphunzitsa kuyala meshi pamiyendo kuti isakolane, ndiponso kunyika nsonga m'madzi owira kuti zisamasuke. Msana unkawawa, zala n'kumachita dzanzi, koma sindinkadandaula. Ntchitoyo ndi imene inkandiphunzitsa sukulu: Lachiwiri ndi Lachinayi ndinkakwera takisi kupita kukoleji ina m'tauni, komwe ndinkachita digiri ya zamalonda.

Chaka chomaliza anatiuza kuti aliyense achite kafukufuku, apo ayi digiri palibe. Ine ndinasankha kufufuza mmene amayi a ku Malawi amayambira bizinesi kuno. Ndinkadziona wochenjera zedi, poti anthu ake ndinali nawo pampando tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi anati wofunsidwa aliyense asaine fomu yovomera, alembe dzina lonse ndi malo amene amagulitsira. Sindinaganize kawiri. Mwana wasukulu ine, ndinaiwala kuti ambiri mwa amayiwo mapepala awo okhalira m'dziko muno anatha kalekale.

Anasaina chifukwa chondikonda. A Mariamu, ogulitsa usipa ndi zitenje pafupi ndi renki ya matakisi, anachita kuseka posaina. "Mukadzakhala bwana mudzatikumbuke, sisi."

Loweruka lina apolisi anafika kurenki kudzafunsa mapepala. Anatenga amayi atatu. Awiri mwa iwo anali atasaina fomu yanga, ndipo mmodzi anali a Mariamu.

Lolemba m'mawa ndinapeza amayi ataima pakhomo pa kontena, wondipatsa moni palibe. Mng'ono wawo wa a Mariamu ndiye analankhula. "Iwe Tadala, mayina athu unakawapereka kwa ndani?"

Ndinalumbira kuti palibe anawaona, ngakhale aphunzitsi, kuti mafomu onse ali m'chikwama changa. A Nambewe sanakweze mawu. "Ngati ali m'chikwamamo, atulutse. Tiwaone akupsa."

Ndinkadziwa kuti popanda mafomuwo kafukufuku wanga ndi zinyalala. Miyezi yonse ija yolemba nditatopa, tsitsi la anthu lili m'zikhadabo! Komabe ndinawatulutsa, n'kuwaunjika m'beseni lachitsulo kuseri kwa kontena. Machesi ndinayatsa ndekha. Amayi anaonerera mpaka phulusa, kenako anabalalika.

Ndinkayesa kuti motowo wandiyeretsa. Nditalowa kuti ndiyale meshi, a Nambewe anandigwira dzanja. "Mwana wanga, ine ndikukukhulupirira. Koma palibe adzakhalenso pampando wako. Tenga zipeso zako."

Lachiwiri ndinakafotokozera aphunzitsi. Anamvetsera bwinobwino, n'kupepesa mwaulemu. "Popanda mafomu sindingalandire. Mubwereze chaka chamawa." Masiku awiri okha, ntchito ndi sukulu zonse zinandipulumuka, pa mlandu umene sindinapalamule. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Digiriyo ndinadzaipeza, nditafufuza za mashopu akuluakulu a m'tauni, kwa anthu osaopa kulemba dzina lawo. Ili m'sutikesi, sindinaipachike. A Mariamu anawabweza kumudzi. Ndinawatumizira mauthenga kangapo, koma sanandiyankhepo.

Kukoleji ankatibwerezera kuti wamalonda adziwe kasitomala wake. Palibe anandiuza kuti kuno dzina la munthu likafika papepala, mwiniwake sagonanso tulo. Panopa ndili ndi kasaluni kanga ku Imizamo Yethu. Makasitomala ndimawadziwa ndi mitu yawo: amayi a meshi yofiira, asisi a khungu losachedwa kutupa. Wina akati ndimusungire malo Loweruka, ndimasunga m'mutu. Cholembera m'saluni mwanga mulibe.