Dothi la phazi langa

Ndinali ndi zaka khumi pamene azakhali anga, alongo awo a atate, anabwera kwathu ku Golomoti kuchokera ku Lilongwe. Anthu ankati ndi ojambula, koma sindinkamvetsa kuti amajambula motani. M'chikwama mwawo munali kamera, kamakina kotapira mawu, nsanza za zitenje ndi mabotolo opanda kanthu.

Ndinali wamanyazi, choncho sindinkafunsa. Ndinkangowatsatira. Ku minda ya ku Bwanje ankajambula azimayi akuwokera mpunga, n'kutapanso kulira kwa achule. Zithunzizo ankakazisindikiza pansalu, n'kupakapo matope, n'kumatapo mankhusu. Anati kumalo oonetsera, munthu akamayang'ana nsaluyo amamvanso achule aja. Ndinkalakalaka nditaoneka nawo pansalu yoteroyo.

Tsiku lina tili kumindako anandiuza kuti ndiponde pamatope. Anali ozizira, akutulukira pakati pa zala. Nditachotsa phazi, anagwada n'kuyamba kutapa ndi supuni dothi la pamene ndinapondapo, n'kumathira m'botolo.

Amayi anga, omwe ankawokera chapafupi, anaweramuka, mbande zili m'manja.

"Alamu, phazi la mwana wangali mukupita nalo kuti?"

"Ndi utoto chabe, alamu. Ndikufuna chithunzi chake chipakidwe ndi dothi lomwe wapondapo yekha."

"Kutauni kwakuiwalitsani? Wotapa phazi la mnzake kuno ali ndi dzina lake. Akatupa miyendo ndidzafunsa ndani?"

Azimayi ena anasiya kuwokera. Ndinaona kuti azakhali akangoyankha mwamwano, mawa akwera basi, ine pansalu sindidzaonekapo.

Azakhali anakhuthulira dothi lija pomwe analitapa, n'kusalaza ndi dzanja, n'kutsuka botolo m'ngalande amayi akuona.

"Ndinafunika kuyamba ndapempha. Nanga ndipake chiyani?"

Amayi anayankha kuti, "La pachulu. Sipaponda munthu. Ndikakumba ndine."

Chithunzicho ndinadzachiona pafoni patapita miyezi. Ndinali wofiirira ngati chulu, mankhusu ali m'tsitsi, koma miyendo inathera m'mawondo. M'munsimo anangosiya nsalu yoyera. Anati alendo ambiri ankaima pamenepo n'kumafunsa chifukwa chake, iwo n'kumawafotokozera za amayi.

Lero ndili ndi mwana wanga kumbuyo. Za kutapa phazi sindidziwa ngati n'zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti azakhali sanaseke mantha a amayi, ndipo cha mwini, ngakhale likhale dothi, umayamba wapempha. Mlendo akaloza foni kwa mwana wanga, ndimafunsa kuti, "Mwapempha ndani?"