Msewu Utasalala

Amene anayambitsa nkhani ya maenje a mumsewu ndi mayi telala, ndipo mpaka lero sakana. Makina awo osokera amakhala pakhonde loyang'ana kumsewu, ndiye galimoto iliyonse ikagwera m'dzenje la pageti pawo, fumbi lonse linkathera pa nsalu za anthu. Nyengo ya mvula kunkabwera matope. Tsiku lina minibasi inawaza matope pa diresi la ukwati lomwe linali litangotsala mpendero, ndipo mayiwo anati basi, zakwana. Anayenda khomo ndi khomo ndi pepala, anthu n'kusayina, iwo n'kukalipereka okha ku khonsolo ya mzinda. Anabwererako kasanu, mpaka mlonda wa pageti anayamba kuwalonjera ngati wantchito mnzake.

Patatha zaka ziwiri khonsolo inamva. Kunabwera zimagalimoto, kunathiridwa phula lakuda bii, msewu n'kusalala ngati tebulo. Anthu ankawayamikira mayi telala podutsa, iwonso ankayenda mapewa ali m'mwamba. Chimene sanachiganizire n'chakuti maenje aja anali ndi ntchito yake.

Amuna awo anali makaniko kwa zaka makumi atatu, maso asanachite khungu ndi matenda a shuga. Munthu wamakani, wosafuna kugwiridwa dzanja. M'mawa uliwonse ankawoloka msewu okha kupita kwa mnzawo wosoka nsapato, komwe ankakhala tsiku lonse akumvera wailesi ndi kutsutsana za mpira. Ankawoloka ndi makutu. Galimoto iliyonse inkayenera kuchepetsa liwiro pa dzenje la pageti, ndipo iwo akamva injini ikutsika mawu ankadziwa kuti ndi lole kapena yaing'ono, ili pati, ndipo atsala ndi masitepe angati. Sanaphonyepo ngakhale kamodzi.

Tsopano magalimoto ankangodutsa fyuu, osatsika mawu. Mlungu woyamba womwe njinga yamoto inawaphonya pang'ono, mphepo yake n'kuwagwetsera chipewa. Mayi telala anaona zonse ali pamakina, ndipo singano inalowa m'chala iwo osamva. Kuyambira tsiku limenelo mantha sanawachoke. Akamva mabuleki kulira, phazi linkaima lokha pa chopondera cha makina. Anasoka manja a malaya mozondoka kawiri, zomwe sanachitepo chiphunzirire ntchito.

Anatenganso pepala, lopempha khonsolo kuti iike zitunda zochepetsa liwiro pamsewupo. Ulendo uno anthu ankasayina monyinyirika. "Inu amayi, si inu nomwe munkalira maenje? Lero mukufunanso zitunda?" anatero mwini golosale, koma anasayina.

Yankho linabwera patatha miyezi itatu, m'kalata ya chidindo, yolembedwa mwaulemu kwambiri. Mayiwo anawawerengera amuna awo pakhonde. Khonsolo inati yamva nkhawa za anthu ndipo ikuthokoza. Inati popeza msewuwo wakonzedwa, tsopano uli m'gulu la misewu ikuluikulu, ndipo pa misewu yotere malamulo salola zitunda zochepetsa liwiro. Malo owolokera oyenda pansi adzajambulidwa pafupi ndi sukulu, mtunda wa theka la kilomita. Apolisi apamsewu adzabwera kudzagwira othamangitsa magalimoto.

Apolisiwo anabweradi, Lachiwiri ndi Lachitatu. Masiku awiri amenewo madalaivala ankayenda ngati apita kumaliro, akuthwanimitsirana magetsi kuchenjezana. Lachinayi zonse zinabwerera mwakale.

Zitatero bamboyo anasiya kuwoloka msewu, n'kukhala pakhomo mlungu wathunthu. Wailesi sankayatsa. Ankangokhala pampando, nkhope italoza kumsewu, ndipo mnzawo akakuwa kutsidya kuti, "Amakaniko, mwatithawa kodi?" ankangokweza dzanja. Mayi telala ankaona mwamuna wawo akufota, ndipo zinkawapweteka kuposa mantha aja, chifukwa ankadziwa kuti pepala loyamba analiyendetsa ndi iwo.

Lolemba m'mawa anaphimba makina ndi nsalu.

"Bambo, nyamukani ndikuwolotseni."

"Ine sindikokedwa ngati mbuzi, mayi."

"Sindikukokani. Mungondigwira chigongono, anthu aziyesa tikupita kutchalitchi."

Bamboyo anaimirira. Aka kanali koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi kulola kuti munthu awatsogolere.

Onse awiri anaima m'mphepete mwa phula. Mayiwo anayang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso, ndipo apa ndi pomwe anazindikira kuti nawonso sadziwa kuyeza liwiro la galimoto. Yomwe inkaoneka ili kutali, kuphethira kamodzi inali itafika. Atapeza kampata anati, "Tiyeni," ndipo anayenda mwachangu, dzanja la bamboyo lili pa chigongono pawo. Atafika pa mzere woyera wa pakati pa msewu, kutsogolo kunatulukira lole, kumbuyo kwake minibasi, kenako ina. Kumbuyo kwawonso mpata unali utatsekeka. Mphepo ya magalimoto inkawakankha uku ndi uku, ndipo palibe dalaivala amene anachotsa phazi pa moto.

"Tafika pati?" anafunsa bamboyo motsitsa mawu.

"Pakati."

"Ndiye tipitirire kapena tibwerere?"

Mayi telala anayang'ana mbali zonse ziwiri. Mwamuna amene sanafunsepo munthu njira anali akudikira kuti iwo anene, ndipo iwo sankadziwa.