Masipoko pa Gitala ya Alamu

Ine ntchito yanga ndi njinga. Ndimakonza njinga pamsika wa Milange, ndipo kuimba sindikudziwa ngakhale pang'ono. Kutchalitchi ndikangotsegula pakamwa, akazi anga amandigunda ndi chigongono. Koma za gitala ya alamu anga ndifunseni ine, chifukwa zitsulo zili pamenepo zinachoka m'bokosi langa.

Alamuwo ndi amene anakwatira mlongo wanga wamkulu. Munthu wamtali, wosalankhulalankhula, woimba gitala m'maukwati kuyambira ku Majaua mpaka kutsidya la Ruo. Ndinkawaseka kuti, "Alamu, munthu wandevu zake kumadya za nsambo! Bwerani ndikuphunzitseni kumata machubu." Iwo ankangomwetulira.

Nthawi imeneyo bambo anali atakalamba, mutu utayamba kusokonekera. Amayi anamwalira tili kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ine ndili wamng'ono, ndipo tinabwerera kuno popanda iwo. Bambo zimenezo anaziiwala. Kukacha ankavala jekete n'kugwira msewu wa kumalire, ati akukatenga akazi awo ku Muloza. Ine ndinkasiya njinga za eni ake zili chagada n'kuthamangira kukawabweza. Kuthamangako sikunkandiwawa ayi. Chinkandiwawa n'chakuti ndikawagwira dzanja ankandiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Pepani bambo, kodi ndinu a kuti?" Bambo ako okubala kumakutchula bambo! Ndinkangofuna chinthu chimodzi, kuti andizindikire ngakhale kamodzi asanatisiye.

Chimene sanaiwale ndi kanyimbo kamene amayi ankaimba popeta chimanga. Mawu ake anali atatayika, ankangokaimbira m'mphuno atakhala pakhonde. Tsiku lina alamu anabwera ndi gitala, anakhala pafupi nawo n'kuyamba kukatsatira. Kwa ine zinamveka bwino zedi. Bambo anakwinya nkhope.

"Si imeneyo."

Alamu anayesanso.

"Si imeneyo, mnyamata iwe. Ukuiphonya."

Ine mtima unandipsa. Ndinati, "Alamu, zisiyeni izi. Munthu sakudziwa ndi mwana wake yemwe, ndiye adziwe nyimbo?"

"Ayi, akunena zoona," anatero alamu. "Tamverani."

Pakhosi pa gitala pamakhala tizitsulo topingasa, pamene woimba amadinapo nsambo. Alamu anadina pa kachitsulo kena, kenako pa kotsatira. "Apa patsika, apa pakwera. Mawu a apongozi ali pakati, ndipo gitalayi pakatipo ilibe kanthu."

Ine sindinamve kusiyana kulikonse. Ndinangoti oimba nawonso ali ndi matenda awo.

M'mawa mwake alamu anandipeza pamsika. "Alamu, ndipatseni masipoko akale a njinga ndi tupa." Ndinawapatsa, osadziwa kuti ndikupereka mpeni. Madzulo ndinawapeza akucheka khosi la gitala ndi kasowo, gitala yokhayo imene inkadyetsa mlongo wanga ndi ana ake. Ndinakuwa, "Kalanga ine! Matenda a bambo akulowani inunso?" Mlongo wanga anali kuseri kwa nyumba akulira.

Alamu anangopitiriza ntchito yawo. Ankadula sipoko, kuipala ndi tupa, kuikhomera pakati pa tizitsulo takale, kenako ulendo kwa bambo kukamvetsera. Akabwerako ankaizula n'kuisuntha pang'ono pokha, mwina ngati kukula kwa chikhadabo. Masipoko ena anali aafupi, ogwira nsambo imodzi yokha. Gitala inayamba kuoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba, mano apa ndi apo.

Ndipo inawadyera ntchito. Paukwati wina ku Molumbo chala chinkagwera pa sipoko, kiyibodi ikupita kwake, gitala kwake, mpaka anzawo oimba nawo anawauza kuti akhale pansi. Anthu anayamba kunena kuti gitala ya mkuluyo yaledzera. Inenso ndinanena nawo, ndisaname.

Lamlungu lina titabwera ku Misa ndinapeza bambo atavala kale jekete, akutuluka pampanda. Ndinali wotopa, ndinalibe ndi mphamvu yowanyengerera. Alamu anali pakhonde, ndipo anangoyamba kuimba osayang'ana munthu. Kanyimbo kaja kanatuluka kopindika mwachilendo, ngati gitala ikulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ngakhale ine wogontha pa nyimbone ndinamva fungo la gaga ndi nsalu ya amayi.

Bambo anaima. Anabwerera pang'onopang'ono, anakhala pansi pa dothi penipeni, ndipo anayamba kuimba. Osati m'mphuno ayi, koma mawu enieni, m'Chilomwe cha amayi, mawu amene tonse tinkayesa kuti anapita nawo kumanda. Mlongo wanga anatuluka m'nyumba atagwira pakamwa.

Nyimbo itatha, bambo anatembenukira kwa ine.

"Amako tinawasiya kutsidya, eti?"

"Inde, bambo."

"Tinawaika pansi pa bulugamu. Iwe unali kumsana kwa mlongo wakoyu, ukulirira phala."

Anandigwira dzanja, analitembenuza, n'kuyang'ana girizi wa m'zikhadabo. "Mwana wanga, manja adaderanji chonchi? Ukugwira ntchito yanji masiku ano?"

"Ndimakonza njinga, bambo."

"Ndi ntchito imeneyo," anatero. "Usaisiye."

Ndinalira ngati mwana, anthu ochokera ku Misa akudutsa pamsewu, ndipo sindinachite manyazi.

M'mawa mwake bambo anandifunsanso kuti ndine wa kuti. Koma sizinandiwawenso ngati kale, ndipo alamu akaimba kanyimbo kaja jekete linkakhala pamsomali. Bambo anatisiya mvula itangoyamba chaka chomwecho, ali m'nyumba mwawo, osati panjira ya kumalire monga ndinkaopera.

Alamu tizitsulo tija sanatichotse. Anawonjezera tina. Masiku ano amapeka nyimbo zawozawo pa gitala yomweyo, amayenda m'midzi kumvetsera azimayi akusinja ndi akulira maliro, n'kubwerako ndi pokhomera sipoko ina. Achinyamata ena amawajambula pa foni, ena akuti gitala ikadali yoledzera. Maukwati sawaitana kawirikawiri, ndipo mlongo wanga amagulitsa nyemba kuti pakhomo payende.

Akabwera pamsika kudzapempha masipoko akale, ine ndimamasula atsopano m'paketi. Iwo amakana, ati akale omwewo ndi abwino. Ndimati, "Tengani, alamu, musanditayitse nthawi." Ndiye ndimawerama msanga pa njinga ya mwini wake, kuti asaone maso anga.