Madzi a pamwamba

Ndinaganiza zopita ku Mangalande chaka chimene mvula inatinyowetsa tili m'nyumba, malipiro anga aunamwino atalephera kugula ngakhale malata ochepa. Anzanga a pachipatala anali atayamba kale kupita mmodzimmodzi. Nditawauza ababa, sanakane. Iwo moyo wawo wonse ankanyamulira alendo katundu paphiri la Mulanje, ndipo anali ndi mwambo wawo: akamatsika ankatibweretsera anafe botolo la madzi otunga pamwamba penipeni. Ndinakulira madzi amenewo, koma phirilo sindinalikwerepo. Ndinkati kukwera phiri ndi ntchito ya azungu osowa chochita.

"Usanapite tiye tikwere limodzi, Esinati," anatero ababa.

"Ndikadzabwera, ababa. Phiri silithawa."

Ku London ndinkakhala ku Thamesmead, m'kachipinda koyang'ana nyumba zina zofanana nako. M'mawa basi ya ku Woolwich, tsiku lonse kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni, madzulo basi yomweyo. Ndalama ndinkatumiza ndithu, malata anagulidwa, mlongo wanga Yohane anamaliza sukulu. Koma kusungulumwa kwake sindinamuuzepo munthu. Dziko lake ndi lathyathyathya, ukakweza maso palibe choti chikuyang'ane. Ine amene ndinkanyoza phiri ndinayamba kulilota.

Lamlungu ndinkagula khadi yoimbira kunja n'kuimba pafoni ya Yohane. Ababa akailandira, funso linali lomwelomwelo: "Kumeneko phiri liliko?" Kenako ankayamba nkhani ya alendo ena amene anawauza kuti kwawo kuli mtsinje woundana pamwamba pa phiri, wosasungunuka chaka chonse. "Ukakauone, udzandiuze ngati sankandinamiza." Asanamalize ndinkawadula: "Fulumirani ababa, khadi ikutha." Kubwera kumudzi sindikanatha, ndalama za ndege zinali zisanakwane. Yohane anandinong'oneza tsiku lina kuti maso a ababa ayamba kuchita nkhungu, ndipo kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso m'malo.

Amene anandikokera kumapiri ndi Mwansa, mnzanga wa ku Zambia wa kuntchito. "Iwe, uzafa na ma shift," anatero. "Kuli coach ya cheap yoyenda ku France, tiyende tikaone snow yeniyeni." Ndinavomera chifukwa cha ababa ndi mtsinje wawo woundana uja.

Tsiku loyamba kumapiriko anandimangirira kumapazi matabwa otsetserekera pachipale chofewa, snow ija. Ndinagwa, kudzuka, kugwanso, tiana tikundidutsa ngati ndine chitsa, Mwansa akuseka mpaka misozi. Mawa lake wotitsogolera anandichitira chifundo, nandipatsa nsapato zotambalala ngati malichero zoyendera pachipale osatitimira. Izo zokha zinandimvera. Tinakwera pang'onopang'ono, mpweya ukuchepa, mpaka tinaufika mtsinje uja. Unalipodi. Unatsika pakati pa mapiri awiri, wong'ambikang'ambika, m'ming'alu mwake muli mobiriwira, uli zii osayenda. Anzathu ankajambulana akukuwa. Ine ndinalira, chifukwa woyenera kuima pamenepo sanali ine. Ndinajambula zithunzi zambiri, kenako ndinamwa madzi onse a m'botolo langa n'kulidzaza ndi tizidutswa ta ayezi.

"Uziba kuti izasungunuka, ai?" anafunsa Mwansa.

"Ndikudziwa. Ndi za ababa."

Botololo linakhala mufiriji ku Thamesmead mpaka ndalama za ndege zinakwana. Ndinalikulunga m'chitenje, n'kuliika pakati pa sutikesi.

Nditafika kwathu ku Likhubula ndinapeza ababa atakhala pakhonde, pansi pa malata anga aja, nkhope italoza kuphiri. Sanadzuke, mawondo anali atatha. Anandizindikira ndi mawu. Ndinatulutsa zithunzi n'kuwaika m'manja, iwo anazisisita, kuzitembenuza, n'kundibwezera mwaulemu. Maso anali atayera onse awiri. Ndinachita manyazi ndi zithunzi zanga, ndinazibisa pansi pa mpando.

Ndiye ndinawapatsa botolo. "Madzi a mtsinje woundana uja, ababa. Sanakunamizeni."

Analigwira ndi manja awiri, kununkhiza, n'kumwa pang'ono.

"Akukoma pulasitiki," anatero, ndipo tonse tinaseka. Atasiya kuseka anati, "Koma wachita bwino, mwana wanga. Chisiyireni kukwera, palibe wandibweretserako madzi a pamwamba. Yohane amati a pampopi ndi omwewo."

Apo m'pamene ndinaona zimene foni sinandiuze. Ine ndinkayesa kuti kumudzi kukusowa ndalama basi, ndipo ndalamazo zinafikadi. Koma munthu uyu ankagona ndi kudzuka patsinde pa phiri lake, akulimva mphepo yake, osalifika, ngati mmene ndinkalisowera ine ndili ku London. Phiri silinathawedi. Zimene zinatha ndi miyendo ndi maso a woti andikweze.

Mawa lake ndinatenga ndodo yawo ya mkungudza ndi botolo lomwe lija, ndinapeza wondiperekeza, n'kuyamba kukwera. Njira anandiuza ali pakhonde, mwala ndi mwala, pokhotera ndi popumira, ndipo sanaphonye ngakhale pamodzi. Ndinatsika dzuwa litapendeka, botolo lili lodzaza.

Anamwa osapumira, madzi akuyenderera m'ndevu.

"Awa nde madzi," anatero. Kenako anasendera pamkeka, n'kupapasa malo pambali pawo. "Khala apa. Undiuze zonse zimene waona, kuyambira pa mtsinje woyamba. Ndipo usathamange, Esinati. Kuno kulibe khadi yoti ithe."